Kabokosi ka manambala 13

Mlongo wanga anandiimbira foni m'mamawa pa 14 Januwale 2025, ine ndikukonzekera zopita kukaphunzitsa, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Achimwene, mwana wanu wakhoza." Ankanena za mwana wake wachisamba, mtsikana amene anabadwira ku South Africa mu 2006 ndipo analemba mayeso a Giredi 12, amene kumeneko amawatcha matiriki, chakumapeto kwa 2024. Dzulo lake nduna yoona za maphunziro m'dzikomo, mayi Siviwe Gwarube, anali atalengeza kuti ophunzira 87.3 pa 100 alionse akhoza, ndipo mwana wathuyu sanangokhala m'gulu la okhozawo, koma anapeza magiredi omuyenereza kukachita maphunziro a digiri. Pafoni ndinkamva nthungululu za amayi okhala nawo pabwalo limodzi, ena Amalawi, ena a ku Zimbabwe. Kenaka mtsikanayo anatenga foni, ndipo nditamuyamikira ndi mawu onse amene ndinali nawo, anangoyankha kuti, "Zikomo amalume," n'kukhala chete kwa nthawi yaitali. Sindinamufunse chifukwa chake, pakuti ndinkachidziwa kale.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, nthawi imene anzake a m'kalasi ankafunsira malo m'mayunivesite, iye ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha fomu ya pa intaneti imene inamukanika kudzaza. Dzina analemba, tsiku lobadwa analemba, ndipo maphunziro amene ankafuna, a unamwino, anasankha. Chimene chinamuimitsa ndi kabokosi kamodzi kofuna nambala ya chiphaso cha unzika kapena ya pasipoti, ndipo kabokosiko kakakhala kopanda kanthu, fomuyo siilola munthu kupita patsamba lotsatira. Chiphaso cha ku South Africa chimakhala ndi manambala 13: oyamba 6 ndi tsiku lobadwa, 4 otsatira amasonyeza ngati munthuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo nambala ya 11 ndiyo imanena ngati iye ndi nzika kapena mlendo wololedwa kukhazikika. Mwana wa mlongo wanga tsiku lake lobadwa likudziwika bwino, koma manambala 7 otsalawo alibe, ndipo pasipoti ya dziko lililonse sanaigwirepo chibadwire. Pansi pa chithunzicho analemba kuti, "Amalume, apa ndilembepo chiyani?"

Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo chaka ndi chaka ndimakhala pansi ndi ana a Fomu 4 kuwathandiza kudzaza mafomu osiyanasiyana, koma funso limeneli linandisowetsa chonena. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wako akadwala, akalakwa kapena akafuna kulowa m'banja, anthu amayamba afunsa iwe, ndipo ndikulemba nkhaniyi monga mwini mbumba amene anagona pa udindo wake. Kwa zaka pafupifupi 20 ndakhala ndikulandira zochokera ku Joni, monga ndalama za feteleza, malata amene tinafolera nyumba ya amayi, mabulangeti ndi njinga imene ndimayendera mpaka lero, koma palibe tsiku limene ndinafunsa ngati mwana amene ndinkamuona pazithunzi atavala yunifolomu analembedwa m'kaundula wa dziko lililonse. Ndikudziwa kuti m'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Mzimba, Nkhata Bay ndi kwathu kuno muli amalume ndi agogo ambiri amene sanafunsepo funso limeneli.

Ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa ife. Agogo athu aamuna anapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo ngakhale ntchitoyo inali yowawa ndi yonyozetsa, munthu ankapita ndi mapepala n'kubwerako kontirakiti ikatha, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera ku migodi, Dr. Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu ntchitoyi. Zinayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa Theba, mpaka zinathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi a Amalawi pofuna kuona ngati ali ndi HIV. Khomo la boma linatsekeka koma umphawi sunathe, choncho anthu anayamba kupita paokha, kukwera basi yodutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda mpaka ku Beitbridge, kumene Mmalawi amadindiridwa masiku 30 monga mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Kuyambira mu 2014, munthu amene wapitiriza masiku ake ndi nthawi yoposa mwezi akamatuluka amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa zaka 5, ndiye ambiri amaona kuti kuli bwino osatuluka n'komwe. Umu ndi mmene matchona a masiku ano amapangikira. Kusiyana kwawo ndi agogo aja n'kwakuti tsopano akazi nawonso amapita, mabanja amamangidwa komweko, ndipo ana amakulira m'zipinda za lendi za ku Diepsloot, Tembisa kapena Philippi.

Mlongo wanga anapita mu 2004 kutsatira mwamuna wake, amene ankasamalira maluwa panyumba ya anthu ena, ndipo iye anapeza ntchito ya m'nyumba. Atachira pachipatala china cha boma mu 2006, anamupatsa khadi la kusikelo ndi kapepala kochitira umboni kuti mwana wabadwira pamenepo, ndipo anamuuza kuti akalembetse mwanayo ku ofesi ya boma pasanathe masiku 30, monga lamulo la kumeneko likunenera. Sanapiteko. Masiku a m'pasipoti yake anali atatha kalekale, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa wina wake amene anagwidwa n'kutengedwa kupita ku Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Mayi wa khanda la masabata awiri akauzidwa kuti akadzipereke yekha pamaso pa anthu amene angathe kumugwira, ine sindingamuweruze msanga akazengereza. Iye ankaganiza kuti adzakonza nkhaniyi zinthu zikadzakhala bwino, ndipo mwana wa kusikelo safunsidwa chiphaso, choncho vutolo silinkaoneka.

Khadi limenelo ndinaliona ndi maso anga mu 2017, nditapita kukatenga maliro a alamu anga. Mlongo wanga amalisunga m'jumbo pansi pa matiresi, pamodzi ndi malipoti onse a kusukulu kuyambira Giredi 1. Linapindika m'makona, inki ya anamwino inayamba kufufutika, koma mzere wa kulemera kwa mwana ukuonekabe ukukwera mwezi ndi mwezi. Kapepala ka kuchipatala kaja kanatayika mu Meyi 2008, usiku umene banjali linathawa chipolowe chothamangitsa alendo, chimene chinapha anthu 62 m'dzikomo. Pa maliro aja ndinaona mphamvu ya Amalawi a ku Joni. Anasonkherana ndalama, ena anathamangira kalata ya imfa, ena chilolezo chonyamulira mtembo, ndipo m'masabata awiri bokosi linali pa ngolo, ulendo wa ku Ntcheu. Munthu wakufa anapeza mapepala odutsira malire atatu, pamene mwana wake wamoyo, amene anali ndi zaka 11, anatsala pabwalo akulira chifukwa analibe pepala lomulola kuperekeza bambo ake kumanda. Zimandipweteka kuti tili ndi magulu olimba otengera mitembo kumudzi, koma sindinakumane ndi gulu ngakhale limodzi loperekeza mayi wamantha kukalembetsa khanda lake.

Sukulu yokha siinamutaye. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, ndipo liwu lakuti aliyense silisankha nzika. Komabe kwa zaka zambiri masukulu ankafuna satifiketi yobadwira, ndipo m'chigawo cha Eastern Cape boma linasiya kupereka ndalama za ana opanda manambala a ziphaso, moti ahedi ena anayamba kuwabweza. Bungwe la Centre for Child Law linatengera nkhaniyi kukhothi m'malo mwa ana 37, ndipo mu Disembala 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Makhanda, motsogozedwa ndi Jaji Selby Mbenenge, linagamula kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, komanso kuti kalata yolumbira ya kholo kapena womusunga ndi yokwanira kutsimikizira kuti mwanayo ndi ndani. Pa mlandu womwewo zinadziwika kuti ana opanda mapepala m'masukulu a dzikolo anali pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a nzika za South Africa zomwezo, a m'mabanja osauka a kumidzi. Mwana wathu ankamaliza Giredi 7 chaka chimenecho, ndipo chigamulochi ndicho chinamutsegulira khomo la sekondale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Kwa zaka 12 sukulu inamuuza mwanayu chimene imauza mwana aliyense, kuti alimbikire ndipo tsogolo lidzatseguka. Anaimba nyimbo ya fuko lawo m'zilankhulo zake zonse, anaphunzira mbiri ya ana a ku Soweto a mu 1976, anavala yunifolomu imodzi ndi anzake, anawathandiza masamu, ndipo palibe chimene chinkamusiyanitsa nawo. Khoma linadzaonekera pa tsiku limene anakwaniritsa zonse zimene anauzidwa. Gawo 29 lomwe lija likafika pa maphunziro apamwamba limasintha kalankhulidwe, chifukwa limangoti boma liyesetse kuwafikitsa kwa anthu pang'onopang'ono. Lamulo la 2002 loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, m'gawo 39, limaletsa sukulu kuphunzitsa munthu amene ikudziwa kuti ali m'dzikomo popanda chilolezo. Khothi la ku Makhanda linati chiletsochi sichikhudza ana a pulayimale ndi sekondale, koma mayunivesite ndi makoleji anatsala nacho.

Choncho yunivesite ili ndi makomo awiri. Loyamba ndi la nzika ndi ena onse amene ali ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Lachiwiri ndi la ophunzira ochokera kunja, amene amafunika pasipoti ndi viza ya maphunziro, ndipo vizayo munthu amaifunsira ali kudziko lakwawo, ataonetsa kalata ya sukulu, umboni wa ndalama zodzisamalira ndi inshuwalansi ya zachipatala yovomerezeka ku South Africa. Mgwirizano wa maiko a SADC wa 1997 pa za maphunziro umati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko, ndipo Amalawi ena amapinduladi nawo, koma ubwino umenewu umafika kwa munthu amene dziko lake likumudziwa. Mwana wa mlongo wanga sakwana pa khomo lililonse mwa awiriwa. Ngakhale atalowa, ndalama za NSFAS, zimene boma limalipirira ana a mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka, sizifika kwa munthu wopanda chiphaso, ndipo mayi wochapa ndi kusita m'nyumba za anthu sangalipire fizi ya ku yunivesite ndi malipiro ake. Anzake awiri amene iye ankawaposa m'kalasi ali m'chaka chawo choyamba tsopano, ndipo amamutumizira zithunzi za m'chipinda chophunzirira, osati pomunyoza, koma chifukwa amamukonda ndipo sadziwa chinanso chimene angachite.

Njira ilipo, ndipo ndikufuna makolo a ku Joni aidziwe, chifukwa ine ndinaidziwa mochedwa. Gawo 4(3) la lamulo la unzika la South Africa, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2013, limati mwana wobadwira m'dzikomo kwa makolo amene si nzika komanso sanaloledwe kukhazikika angathe kufunsira unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo kuchokera pa kubadwa kwake. Unduna wa Home Affairs unkanena kuti gawoli likukhudza ana okhawo obadwa kuyambira 2013, koma mu 2018 bwalo la apilo, pa mlandu wa Miriam Ali ndi anzake, linagamula kuti likukhudzanso obadwa chakacho chisanafike, ndipo mu 2020 bwalo lomwelo linalamula kuti anyamata awiri apachibale, ana a makolo ochokera ku Angola, apatsidwe unzika. Mabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town akhala akuthandiza achinyamata otere. Koma gawoli lili ndi chofunikira chachiwiri, chakuti kubadwa kwa mwanayo kukhale kuti kunalembetsedwa. Satifiketi imene amapatsa mwana wa mlendo ilibe nambala ya chiphaso ndipo siimupatsa unzika, n'chifukwa chake makolo ambiri amaiona ngati yopanda ntchito, komatu patapita zaka 18 pepala limenelo ndilo limakhala kiyi. Masiku 30 aja a mu 2006 ndiwo akumutsekera mwana wathu khomo lero.

Kulembetsa mochedwa n'kotheka, koma ndi ulendo wofuna mtima wautali. M'chaka cha 2025 mtsikanayu anapita ku ofesi ina maulendo anayi, akumadzuka 4 koloko m'mawa kuti akapeze malo pamzere. Ulendo woyamba anamuuza kuti abwere ndi umboni wochokera kuchipatala chimene anabadwira. Ulendo wachiwiri makina sankagwira ntchito. Ulendo wachitatu anamuuza kuti abwere ndi mayi ake atanyamula pasipoti ndi pemiti zosatha ntchito, zimene ndi zomwezo zimene mayiyo analibe mu 2006 ndipo alibe mpaka pano. Anandiuza kuti tsiku limenelo amayi ake anali tsidya lina la msewu, atakhala pafupi ndi amayi ogulitsa zitumbuwa za kumeneko, akuyang'ana chitseko cha ofesiyo kuyambira m'mawa mpaka masana, osalimba mtima kuwoloka. Atatuluka, anakwera minibasi onse awiri osalankhulana, ndipo atafika kunyumba mlongo wanga anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, undikhululukire." Mawu amenewa sayenera kutuluka pakamwa pa mayi amene wagwira ntchito zaka 20 kuti mwana wake asagone ndi njala.

Pakali pano akumanga tsitsi mu saluni ya mayi wina wa ku Congo, ndipo amalipidwa pamanja malinga ndi mitu imene wamanga tsikulo. Ndalamazo amasunga m'chitini, popeza banki siitsegulira akaunti munthu wopanda chiphaso, ndipo ngakhale nambala ya foni imene timalankhulirana inalembetsedwa m'dzina la mnzake. Gawo 38 la lamulo la 2002 lija limaletsa kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndipo bwana wopezeka atatero akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, choncho makampani olongosoka safuna n'komwe kumva nkhani yake. Otsala ndi mabwana amene amakonda antchito opanda mapepala chifukwa sangadandaule. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kumeneko anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo mu 2008 khothi la za ntchito linagamula, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda pemiti ndi wantchito ndithu ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Koma ufulu umene munthu akuopa kukaupempha sumufikira. Nyumba imene inkamangidwa ku George itagwa mu Meyi 2024 n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi, ndinaganizira ana onse amene anakhoza matiriki koma akunyamula njerwa ndi kusakaniza simenti, chifukwa ntchito zotere n'zimene sizifunsa nambala.

Munthu wina anamuuza kuti angathe kumupezera nambala ya chiphaso cha mtsikana wina pa mtengo wakutiwakuti, ndipo iye anandifunsa maganizo. Ndinamuletsa, ndipo ndinamva kulemera kwa kuletsa munthu amene sindingamupatse njira ina. Satifiketi yake ya matiriki ili m'dzina lake lenileni, choncho chiphaso cha munthu wina chikanamusiyanitsa ndi magiredi ake omwe, kuwonjezera pa mlandu wachinyengo umene ukanawononga mwayi wa gawo 4(3) uja. Anandimvera, koma ndikudziwa kuti ena, atatopa ndi kudikira, amagula, n'kukhala moyo wawo wonse akuyankha dzina la munthu amene sanamuonepo.

Kumudzi kuno ndikafotokoza zimenezi, achibale amayankha msanga kuti, "Angobwera, kwawo n'kuno." Mwalamulo akunena zoona, chifukwa mwana wa makolo Achimalawi ndi nzika ya Malawi ngakhale atabadwira kunja, ndipo kuyambira mu 2019 lamulo lathu limalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Koma unzika umenewu nawonso umafuna umboni. Chiphaso cha unzika chimene National Registration Bureau imapereka kwa munthu wa zaka 16 chimafuna kuti pakhale omutsimikizira, pasipoti imafuna chiphasocho, ndipo tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata ambiri m'dziko muno. Atati wabweradi, malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE chaka chilichonse, ndipo matiriki yake iyenera kuyamba yaunikidwa kuti ione ngati ikufanana ndi mayeso athu. Kuposa zonsezi, mwanayu Ntcheu sanaionepo. Amalota m'Chizulu, amawerenga m'Chingerezi, ndipo Chichewa chake ndi cha m'nyumba, chopempherera ndi chodzudzulidwira. Kumuuza kuti abwerere kwawo ndi kumutumiza kudziko lachilendo, kusiya amayi ake ndi azing'ono ake awiri, amene nawonso mapepala awo sali bwino.

Sindikufuna kulankhula ngati kuti anthu a ku South Africa alibe zowawa zawo. Anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito kumeneko sakuipeza, achinyamata ndiye kwambiri, ndipo ana a eni dziko ambiri amene anakhoza matiriki nawonso akusowa malo m'mayunivesite. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene akulowa m'malire ake. Magulu monga Operation Dudula amakolezera mkwiyo umenewu n'kuulozetsa kwa alendo, ndipo ine ndikutsutsana nawo kotheratu, koma njala imene amaikwerapo ndi yeniyeni. Chimene ndikukana n'chakuti mlandu wa malire ugwere munthu amene sanadumphe malire alionse. Mlongo wanga anapitiriza masiku akudziwa, ndipo ngati pali chilango, iye angachimvetse. Mwanayu anangobadwa. Dziko limene lawononga ndalama zake kumuphunzitsa zaka 12 likudzimana lokha namwino pamene likumusiya akumanga tsitsi mobisala. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa mapemiti apadera kuyambira mu 2009, a ku Lesotho nawonso anapatsidwa awo, ndipo ngakhale mapemitiwo ali ndi mavuto awo, anathandiza mabanja ambiri kutuluka mumdima. Amalawi mpata wotere sanaulandirepo, ndipo ndikuona kuti boma lathu, limene limadziwa bwino ndalama zimene anthu a ku Joni amatumiza, liyenera kuikankha nkhaniyi pokambirana ndi anzawo a ku Pretoria, komanso kufikitsa kalembera wa ana obadwira kunja kumene Amalawiwo amasonkhana, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'magulu a maliro aja.

Khoma limeneli si la ku Joni kokha. Ku America bwalo lalikulu linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler, kuti ana opanda mapepala aziphunzira m'masukulu a boma, koma akamaliza sekondale sangalandire thandizo la boma lalikulu lolipirira koleji. Lamulo la DREAM Act, lofuna kuwapatsa njira ya unzika, linaperekedwa koyamba mu 2001 ndipo silinavomerezedwe mpaka lero, pamene ndondomeko ya DACA ya mu 2012 inangowapatsa chilolezo cha ntchito cha zaka ziwiriziwiri, chimene chakhala chikukokanidwa m'makhothi. Kumeneko ngati ku South Africa, chifundo cha lamulo chimathera pamene ubwana wathera.

Ndisanaloze chala kutali, ndiyenera kuyang'ana ku Dowa. Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 10,000, ndipo tsopano muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Muli achinyamata amene anabadwira momwemo, amalankhula Chichewa chabwino kuposa cha mwana wa mlongo wanga, analemba mayeso a Sitandade 8 ndi a MSCE ngati ana anga a ku Ntcheu, koma si nzika za dziko lino. Iwo mapepala a othawa kwawo ali nawo, koma Malawi povomereza pangano la 1951 loteteza othawa kwawo anakana kudzimanga pa mfundo zina, kuphatikizapo za ntchito, za maphunziro ndi za ufulu woyenda, ndipo mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni n'kuwabwezera kukampu, ena atadutsira kundende ya Maula pamodzi ndi ana awo. Ochepa amapeza mwayi wophunzira pa intaneti kudzera ku mabungwe a Ajezuiti, kapena kupita ku Canada kudzera ku bungwe la kumeneko lotchedwa WUSC, koma ambiri amakhala ndi satifiketi yopanda kolowera. Nthawi imeneyo ndinamva anthu ena m'minibasi akuyamikira zimene zinachitikazo, anthu amene mwina ali ndi mbale ku Joni, ndipo ine sindinatsegule pakamwa. Timaphunzitsa ana kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sindingapemphe Pretoria kuti ichitire mwana wathu chimene Lilongwe ikukaniza ana a ku Dzaleka popanda kupempha zonse ziwiri pamodzi.

Mwezi wa Seputembala mtsikanayu anakumana ndi loya wa bungwe lina lothandiza mwaulere, amene anamuuza kuti ngakhale kapepala kaja kanatayika, zipatala zimasunga kaundula wa amayi onse amene anachirirako, ndipo anamulembera kalata yoti akaonetse kumeneko. Anamuuzanso kuti asonkhanitse chilichonse chosonyeza kuti mayi ake ndi ndani. Mbali imeneyo inagwera ine. Ndinapita kwa amfumu athu kukapempha kalata, ndipo iwo asanadinde anandifunsa kuti, "Kodi mdzukulu wathuyu anabwerapo kuno?" Nditayankha kuti ayi, anakhala chete pang'ono, kenaka anadinda n'kunena kuti magazi safuna kuonana. Ndinapezanso kalata ya ubatizo ya mlongo wanga kutchalitchi ndi umboni wa kusukulu imene anaphunzira, ndinazikulunga m'jumbo ziwiri kuopa mvula, n'kuzipereka kwa dalaivala wa basi wodziwana naye kuti akazisiye pa Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Joni.

Sabata yatha anandiimbira madzulo. Kalaliki wa kuchipatala, mayi wachikulire amene anamumvera chisoni, anatsika naye kuchipinda chosungira mabuku akale, ndipo atafufuza kwa maola awiri anapeza buku la 2006. Tsiku lilipo, ola lilipo, kulemera kwa khanda kukugwirizana ndi kwa pa khadi la kusikelo lija. Koma namwino amene analemba usiku umenewo analakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la bambo wa mlongo wanga, moti silikufanana ndi la m'pasipoti yake yakale, ndipo loya wati pafunika kalata ina yolumbira yochokera kwa wachibale wa kuno, yotsimikizira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ndapempha kale ahedi kuti Lachiwiri andimasule makalasi a m'mawa, ndipite kuboma ndikalumbire.